Injini ya snowmobile ikamatentha pa njira youma gwa

Munthu amene sanakwerepo snowmobile, makina onga njinga yamoto oyenda pa chipale chofewa, amadabwa akamva kuti limodzi mwa mavuto amene amasowetsa mtendere okwera makina amenewa kumpoto kwa Ontario ndi ku Quebec m'dziko la Canada, ku Minnesota m'dziko la United States ngakhalenso ku Lapland kumpoto kwa Ulaya ndi kutentha kwa injini. Kunja kumakhala kukuzizira mpaka madigiri 20 kunsi kwa ziro, mpweya wotuluka m'kamwa ukuundana pa galasi la chisoti, koma mwadzidzidzi kanyali kochenjeza ka pa dashibodi kamayaka, ndipo makina amene amathamanga bwinobwino amafooka ngati kuti wina wawagwira kumbuyo. Amene zawachitikira koyamba amafulumira kuganiza kuti injini yafa ndipo ndalama zawo zalowa m'madzi. Kawirikawiri sizikhala choncho. Makinawo amakhala alibe chilema chilichonse, chimene chasowa ndi chipale chofewa choti chiwaziziritse, ndipo wokwera amene wamvetsa zimenezi amayamba wayang'ana pansi pamene akuyendapo asanatulutse sipanala.

Ine zinandigwera koyamba m'mawa wina wa mwezi wa Malichi, pa njira yowongoka imene kale munkadutsa njanji. Dzulo lake kunawala kadzuwa, chipale chapamwamba chinasungunuka, ndipo kutazizira usiku chinaumanso n'kukhala ngati simenti yoyera. Titangoyenda makilomita ochepa kanyali kanayaka. Nditaima ndinamva fungo la pulasitiki wopserera, ndipo nditavula gulovu n'kuyandikiza dzanja kunsi kwa mpando, chitsulo chinali moto weniweni. Bambo wina wachikulire amene ndinali naye, wobadwira m'deralo, sanafunse n'komwe za injini. Anapita m'mphepete mwa njira, anatapa chipale ndi manja awiri, n'kuchiunjika popondera mapazi ndi pamwamba pa chibokosi chakumbuyo, ndipo nthunzi inakwera kuti tolo. Kenako anaponda chipale china ndi nsapato n'kuchikankhira mkati mwa lamba wamkulu amene makinawo amayendera. Patangopita mphindi zochepa tinanyamuka, ndipo tsiku lonselo ndinkayenda maso ali pa mtundu wa njira.

Makina amene amadalira chipale

Pamene Joseph-Armand Bombardier anayamba kugulitsa snowmobile zotchedwa Ski-Doo ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec, m'chaka cha 1959, injini zake zinali zazing'ono ndipo mphepo yokha inkakwanira kuziziziritsa. Injini zitayamba kukula m'zaka za m'ma 1970, makampani anayamba kugwiritsa ntchito madzi monga mmene zimakhalira m'galimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti snowmobile zambiri zoyenda m'njira zilibe redieta ndi fani yakutsogolo. Madzi oziziritsira injini, amene amakaniko amawatchula kuti coolant, amadutsa m'mipope yafulati ya aluminiyamu yokhala ndi timizere, imene dzina lake ndi heat exchanger. Mipope imeneyi imaikidwa kunsi kwa chibokosi chachitali chimene mpando umakhalapo, chimene okwera amati tunnel, ina imakhala kutsogolo kwa lamba, ndipo pa makina ena imadutsa kunsi kwa popondera mapazi. Lamba wamkulu wa rabala wokhala ndi mano, amene amakankha makinawo, akamazungulira amatapa chipale n'kumachiwaza pa aluminiyamuyo, ndipo chipalecho chikamasungunuka chimatenga kutentha kwa injini n'kugwa nako pansi.

Mphepo, ngakhale izizire chotani, siingagwire ntchito imeneyi payokha, chifukwa mipopeyo inabisika kunsi kumene mphepo siifika bwino, komanso chifukwa chakuti mphamvu yeniyeni yoziziritsa ili m'kusungunuka. Kuti kilogalamu imodzi ya ayezi isanduke madzi, pamafunika kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa madigiri 80. N'chifukwa chake chipale chodzaza manja chimachita zimene mphepo ya tsiku lonse singachite, ndipo n'chifukwa chakenso tsiku lozizira kwambiri likhoza kukhala loipa kuposa lofunda, ngati kuzizirako kwaumitsa njira moti mano a lamba sakutapa kanthu.

Si injini yokha imene imadalira chipale. Lamba amatsetsereka pa zitsulo ziwiri zazitali za kunsi, ndipo pa zitsulo zimenezo amavekapo mizere ya pulasitiki wolimba imene imatchedwa hyfax kapena slides. Palibe girizi kapena oilo amene amathiridwa pamenepa. Chimene chimafewetsa ndi kuziziritsa mizereyi ndi chipale chomwecho. Chikasowa, tizitsulo ta pa lamba timakhuza pulasitiki wouma, pulasitikiyo amatentha, amafewa, ndipo mizere imene ikanatha nyengo yonse ikhoza kudyeka pa ulendo umodzi. Choncho fungo la pulasitiki wopserera ndi kanyali ka pa dashibodi ndi zizindikiro ziwiri za nthenda imodzi, ndipo nthawi zina fungolo ndi limene limayamba kufika.

Malo ndi nthawi zimene vutoli limakonda n'zodziwika. Loyamba ndi m'mawa wotsatira tsiku lofunda, monga zinandichitikira ine. Lina ndi njira imene thirakitala yosalaza yadutsamo usiku, chifukwa chipale chimene chatakasidwa n'kupsinjidwa chimagwirana pakapita maola angapo n'kuuma, ndipo ngakhale kuti njira yotereyi ndi yokoma kuyendamo, pamwamba pake sipakhala chipale chomasuka. Palinso misewu ya m'nkhalango imene magalimoto odula mitengo apalamo chipale, m'mphepete mwa misewu ya tala polowa m'tauni kukathira mafuta, ndi nyanja zoundana zimene mphepo yasesa mpaka ayezi kuoneka mbee. Kuyenda pang'onopang'ono pa gulu, kukoka ngolo yolemera, ndi kusiya injini ikulira nthawi yaitali podikira anzanu, zonsezi zimawonjezera moto. Ndipo zaka zimene chipale chagwa chochepa, monga nyengo yozizira ya 2023 mpaka 2024 imene inali yofunda kuposa zonse zolembedwa m'mbiri ku Canada ndi ku United States, njira zambiri zimene zimatsegulidwa zimakhala za mtundu womwewu.

Kanyali kakayaka

Choyamba n'kufunafuna chipale chomasuka mkati mwa njira momwemo. M'mphepete mwa njira, pakati pa pamene ena apondaponda ndi timitengo tosonyeza malire, nthawi zambiri mumatsala kamzere ka chipale chofewa. Chepetsani liwiro, onetsetsani kuti kutsogolo ndi kumbuyo kulibe wina, ndipo lowetsani lamba m'kamzere kameneko kwa mamita angapo, mubwerere, mulowenso. Ngati makina anu amaonetsa nambala ya kutentha, mudzaiona ikutsika nthawi yomweyo. Chitani zimenezi mosamala, chifukwa m'mphepete ndi mmene mumabisala zitsa, miyala ndi makalavati, ndipo ski, imene ndi phazi lotsetsereka la kutsogolo kwa makina, ikakodwa pa chitsa vuto limakhala lalikulu kuposa la injini. Ena amalangiza kuti muwonjezere liwiro kuti lamba awaze kwambiri. Pa njira imene ili ndi chipale chochepa chomasuka zimenezi zimathandizadi, koma pa ayezi weniweni liwiro limangowonjezera kutentha, komanso malamulo alipo: m'njira za ku Ontario malire ndi makilomita 50 pa ola, ndipo ku Quebec ndi 70.

Ngati chipale chomasuka palibe, kapena kanyali sikakuzima, imani ndipo muzimitse injini. Apa m'pamene anthu ozolowera galimoto amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti kuisiya ikulira phee kuithandiza kuzizira. Pa makina opanda redieta ndi fani, injini yolira pamalo amodzi imangopitiriza kutentha popeza lamba sakuzungulira. Sankhani poima poonekera, kudzanja lamanja la njira, osati pakona kapena kuseri kwa chitunda kumene wobwera m'mbuyo sangakuoneni. Unjikani chipale pamwamba pa tunnel ndi popondera mapazi, ndipo china mukankhire mkati mwa lamba kuti chifike pa hyfax. Musathire chipale pa injini penipeni kapena pa mawaya. Musadabwe mukaona nambala ikukwera pang'ono mutangozimitsa, chifukwa pampu yaima ndipo madzi otentha angokhala m'injini. Pakapita mphindi zingapo lizani injini kwa kanthawi kochepa kuti madzi amene azizira kumbuyo alowe, muzimitsenso, ndipo muonjezere chipale ngati choyamba chatha. Chivindikiro cha botolo la coolant musachikhudze injini ili yotentha, chifukwa madziwo amakhala opanikizika ndipo amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja, pamalo pamene chipatala chili kutali.

Musananyamuke, gwedezani makinawo uku ndi uku kapena nyamulani kumbuyo kwake n'kukugwetsa. Hyfax imene inafewa imamatirira ku tizitsulo ta lamba ikamazizira, ndipo mukangopereka moto lamba ali womatirira, amene amapsa ndi lamba wamng'ono wa kilachi.

Pali yesero limene wokwera aliyense amakumana nalo pa nthawi imeneyi, ndipo ndikufuna kulinena mosabisa chifukwa ndi limene limatsekereza njira. Mutaima pa njira youma, kanyali kali psuu, mumaona munda woyera mbee kuseri kwa timitengo ta malire, chipale chake chakuya ndi chosapondedwa, ndipo mtima umati kuzungulira kamodzi kokha m'mundamo kuthetsa zonse. Munda umenewo uli ndi mwini wake. Bungwe la Ontario Federation of Snowmobile Clubs limayang'anira njira za makilomita oposa 30,000, ndipo la Fédération des clubs de motoneigistes du Québec lili ndi pafupifupi 33,000, koma mbali yaikulu ya njira za m'madera a alimi imadutsa m'malo a anthu amene anangovomera mwa kufuna kwawo, atapemphedwa ndi anthu ongodzipereka a m'makalabu. Chiphaso chimene mumagula chimakulolani kuyenda pakati pa timitengo tija basi. Kunsi kwa chipale cha m'munda kumakhala tirigu wodzalidwa chilimwe chitangotha, nsipu wa ng'ombe kapena mbande za mitengo, ndipo chipale chikapsinjidwa chimasiya kuteteza mbewu ku chisanu, moti chipale chikadzasungunuka mlimi amapeza mizere ya mbewu zakufa mmene munadutsa lamba. Mlimi woteroyo akatseka chipata chake, kalabu imataya kachigawo kamene kamalumikiza midzi iwiri, ndipo kupeza njira ina kumatenga nthawi yaitali. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ngati mukufuna chipale cha m'mphepete, tapani ndi manja mubwere nacho pamene pali makina.

Zokanda ayezi

Chida chimene chimachepetsa vutoli kuposa china chilichonse ndi chotchipa ndiponso chosavuta kumanga. Dzina lake ndi ice scratchers, ndipo ndi tizitsulo tiwiri timene timamangidwa m'mbali mwa zitsulo zotsetserekapo lamba, nsonga zake n'kumakanda pansi. Tikamakanda timadzutsa fumbi la ayezi limene limalowa mkati mwa lamba, limanyowetsa hyfax, ndipo lina lamba amaliponyera pa heat exchanger. Pali ta mtundu wa sipuling'i yolimba, timene timakanda mwamphamvu koma timapindika kapena kuthyoka mukabwerera m'mbuyo musanatikweze, ndipo pali ta waya wopindika timene timalola kubwerera m'mbuyo koma sitikanda kwambiri pa ayezi wolimba. Kwa munthu amene amayenda kwambiri pa njira zouma ine ndimakonda ta sipuling'i, bola azolowere kutikoleka m'malo mwake asanaike rivesi kapena kukweza makina pa ngolo.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'kudikira kuti kanyali kayake kenako n'kumatsitsa zokandazo. Titsitseni musananyamuke, mukangoona kuti nsapato yanu siikulowa m'chipale cha panjira. Yang'ananinso nsonga zake, chifukwa zimatha, ndipo nsonga yobuntha imangotsetsereka osadzutsa kanthu. Ngati mwamanga koma kutentha sikukusintha, pemphani mnzanu ayende pambali panu aone kumene fumbilo likupita. Tikamangidwa kumbuyo kwambiri, fumbi lonse limatsalira m'mbuyo osalowa m'lamba, ndipo kungotisunthira kutsogolo pang'ono kumasintha zinthu. Misomali imene ena amakhoma pa lamba kuti agwire pa ayezi nayonso imaswa ayezi n'kuthandiza pang'ono, koma ili ndi ngozi yake: msomali wautali mopitirira, kapena umene wazuka, umatha kuboola heat exchanger, n'chifukwa chake amene amakhoma misomali amaikanso zotchinga kunsi kwa tunnel.

Chipale chilipo koma injini ikutenthabe

Apa m'pamene tiyenera kukayikira makinawo, ndipo pali njira imodzi yosavuta yosiyanitsira mavuto awiriwa imene ndimaona kuti wokwera aliyense ayenera kuidziwa. Injini itatentha, zimitsani, vulani gulovu, ndipo yandikizani dzanja mosamala pa heat exchanger yakumbuyo kapena pamwamba pa tunnel. Ngati pali potentha, madzi akuyenda bwino ndipo chimene chikusowa ndi chipale chofika pamenepo. Ngati injini ili moto koma kumbuyoko kuli zii, madzi sakuzungulira, ndipo ngakhale mutaunjika chipale chochuluka bwanji simuthetsa kanthu.

Tiyambe ndi pamene kumbuyo kuli kotentha. Yang'anani chikopa cha rabala kapena pulasitiki chimene chimalendewera kumbuyo kwenikweni kwa makina. Ambiri amachiona ngati chongoteteza wobwera m'mbuyo, ndipo ena amachidula kuti makina aoneke bwino, koma ntchito yake ina ndi kubweza chipale chimene lamba waponya kuti chigwere pa heat exchanger. Chikang'ambika, chikafupika kapena chikapindikira m'mwamba, chipale chimangouluka kupita kunja. Kenako suzumirani kunsi kwa tunnel. Mukadutsa m'madzi osakanikirana ndi chipale, kapena mukayenda tsiku lonse kozizira kwambiri, kumeneko kumamera chibuma cha ayezi, ndipo nthawi zina chibumacho chimasungunuka mbali yokhudza aluminiyamu yokha n'kusiya mpata, moti chimakhala ngati denga lotchinga chipale chatsopano. Chigogodeni ndi hamala ya rabala kapena chibakera, osati sikuludiraiva kapena chitsulo chosongoka, chifukwa aluminiyamu wake ndi wopyapyala. Ngati muli ndi garaja yofunda, kugoneka makinawo mmenemo usiku umodzi kumachotsa zonse.

Ngati kumbuyo kuli kozizira, dikirani injini izizire ndipo muyang'ane mlingo wa coolant makina ali pamalo athyathyathya. Akachepa, funso ndi lakuti apita kuti. Chipale chimathandiza pofufuza, chifukwa dontho lobiriwira, lapinki kapena lachikasu limaoneka msanga pa choyera. Sunthani makinawo muone pamene anaima, tsatirani mapaipi a rabala ndi zomangira zake, ndipo muyang'ane heat exchanger ngati ili ndi bowo la msomali kapena mng'alu wa mwala. Madzi amenewa amapangidwa ndi ethylene glycol, amene amatsekemera koma ndi poizoni, choncho chipale chimene adonthera chiwoleni, makamaka kumene kuli agalu.

Kasakanizidwe ka madziwo nakonso n'kofunika kwambiri. Theka coolant theka madzi amapirira mpaka pafupifupi madigiri 37 kunsi kwa ziro, ndipo kumadera ozizira koposa amachulukitsako coolant malinga ndi buku la makinawo. Koma coolant wosasakaniza ndi madzi amaundana msanga, pa madigiri pafupifupi 13 kunsi kwa ziro, ndiponso sanyamula bwino kutentha. Munthu amene wakhala akuthiramo madzi wamba nthawi iliyonse mlingo ukatsika amadzapeza tsiku lina m'mawa madzi ataundana m'mipope yakumbuyo, ndipo chizindikiro chake n'chakuti injini imatentha patangopita mphindi zochepa ataliza, asanapite kulikonse. Kachipangizo koyezera mphamvu ya coolant kamagulitsidwa m'masitolo a zida za galimoto, ndipo kuyeza kamodzi nyengo isanayambe n'kokwanira.

Chimene chimavutitsa anthu ambiri ndi mpweya wotsekeredwa m'mipope. Zimachitika mukasintha coolant, mukakonza paipi, kapena makina akagubuduzika n'kukhala chagada kwa kanthawi. Popeza mipope ya snowmobile ndi yaitali ndipo imagona chopingasa, thovu la mpweya limakhazikika pamalo okwera n'kuletsa madzi kudutsa, ndipo nambala ya kutentha imakwera ndi kutsika mosadziwika bwino. Kuchotsa mpweyawo kumafuna kudekha. Injini ili yozizira, ikani makinawo mopendekeka monga mmene buku lake likunenera, zimene pa makina ambiri zimatanthauza kukweza kutsogolo kuti botolo likhale pamwamba pa zonse, tsegulani chivindikiro kapena kabawuti kotulutsira mpweya ngati kalipo, lizani injini, ndipo muzithira coolant pang'onopang'ono mlingo ukamatsika. Ntchito yatheka pamene heat exchanger yakumbuyo yayamba kufunda ndipo thovu lasiya kutuluka. Mukayenda ulendo woyamba, yang'ananinso mlingo injini itazizira, chifukwa nthawi zambiri umatsikanso pang'ono.

Zikakanika zonsezi, otsala ndi thermostat, pampu, chivindikiro ndi gasiketi. Thermostat ikakanirira chotseka, madzi satuluka m'injini. Mukhoza kuichotsa n'kuiika mumphika wa madzi pamoto, ndipo yabwino imatseguka madziwo asanawire. Chivindikiro chimene rabala wake watha sichisunga mphamvu, moti madzi amawira msanga n'kutayikira kunja, ndipo mtengo wake ndi wochepa moti si chanzeru kuchikakamira. Pampu imene mapiko ake athyoka kapena yasiya kuzungulira imafuna makaniko. Chimodzimodzinso gasiketi kapena mphete za rabala za pamutu pa injini: ngati coolant akutha popanda podontha, ngati m'botolo mukutuluka thovu losalekeza injini ikamalira, ngati utsi uli woyera ndi wonunkhira motsekemera, kapena pulagi imodzi ikuoneka yotsukidwa kuposa inzake, musayendenso. Pa injini za four-stroke, zimene zimasunga oilo mkati ngati za galimoto, chizindikiro china n'chakuti oilo amasanduka ngati tiyi wamkaka. Nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, wolakwa amakhala sensa yoyeza kutentha kapena waya wake, koma musayambe ndi kuganiza zimenezo, chifukwa munthu amene wadziuza kuti kanyali kakunama amayenda mpaka pisitoni kugwira.

Kubwerera ku hyfax, mizere yambiri imakhala ndi kamzere m'mbali kosonyeza polekezera, ndipo malo oyamba kudyeka ndi pamene chitsulo chimapindikira m'mwamba chakutsogolo. Pulasitiki akafika pa kamzereko musinthe, chifukwa akatheratu lamba amayamba kudya chitsulo chenichenicho, chimene mtengo wake ndi wina. Kusintha si ntchito yovuta: mumamasula lamba, mumachotsa kabawuti kamene kamagwira mzerewo kutsogolo, mumazungulitsa lamba mpaka limodzi la mawindo ake, kapena kuti mabowo a m'lambamo, litayang'anizana ndi mapeto a chitsulo kumbuyo, ndipo mumagogoda mzerewo kuti utulukire pawindopo, watsopano n'kulowera pomwepo. Ngati mizere ikutha msanga ngakhale pa chipale chabwino, lamba ndi wokungika mopitirira muyezo wa m'buku, kapena wapendekera mbali imodzi, kapena tizitsulo take tina tagwa. Amene amayenda pa njira zouma nthawi zonse amaonjezera timawilo pamalo opindika paja kuti tinyamuleko katundu.

Pali makina ena amene vuto lawo si kuwonongeka koma kuyendetsedwa pamalo osayenera. Snowmobile za m'mapiri, zimene zinapangidwira chipale chakuya cha ku British Columbia kapena ku Wyoming, zimakhala ndi mano a lamba otalika mamilimita pafupifupi 76, pamene za m'njira zimakhala ndi a mamilimita pafupifupi 32. Munthu angaganize kuti mano aatali atapa chipale chambiri, koma pa njira youma amangoimika makinawo m'mwamba, hyfax n'kutalikirana ndi pansi, ndiponso makina amenewa amakhala ndi heat exchanger zing'onozing'ono pofuna kuchepetsa kulemera. N'chifukwa chake ambiri a iwo amachoka ku fakitale ali kale ndi zokanda ayezi. Kumbali ina, amene ntchito yawo ndi kukoka katundu pang'onopang'ono, monga alenje a ku Nunavut, kumpoto kwa Canada, okoka ngolo zotsetsereka zotchedwa qamutiik pa ayezi wa panyanja kapena oweta mphalapala za reindeer a mtundu wa Sámi kumpoto kwa Ulaya, amapindula ndi makina okhala ndi redieta ndi fani, kapena a injini zozizira ndi mphepo monga za 550 cc zimene Ski-Doo ndi Polaris anapanga kwa zaka zambiri. Injini zoterezi sizidalira chipale, ngakhale kuti hyfax yake imachifunabe. Amene akugula makina aganizire njira zimene adzayendemo masiku ambiri, osati za tsiku limodzi la chipale chakuya.

Mbali ina ya vutoli imathetsedwa musanatuluke m'nyumba. Mapu a pa intaneti a bungwe la ku Ontario amaonetsa njira ndi mitundu itatu, wobiriwira pa njira yotsegula, wachikasu pa imene ndi yotsegula koma ili ndi zovuta, ndi wofiira pa yotseka, ndipo kulowa m'njira yofiira ndi kulowa m'malo a eni popanda chilolezo ngakhale chiphaso chili pa makina. Mtundu wachikasu kumapeto kwa nyengo nthawi zambiri umatanthauza chipale chochepa, miyala yoonekera ndi malo a ayezi, zimene ndi chakudya cha vuto tikukambali. Ngati dzulo kunafunda ndipo usiku kwazizira, chedwetsani ulendo mpaka dzuwa litafewetsa pamwamba pa njira, ndipo mudzapeza kuti njira imene ikanakuimitsani kanayi m'mamawa mukuidutsa osaona kanyali. Panyanja tsatani timitengo timene kalabu yazika, ndipo musapatuke kukafuna chipale chimene mphepo yaunjika patali, chifukwa chipale chimafunditsa ayezi wa kunsi kwake n'kumulepheretsa kukhuthala, ndiponso chimabisa madzi. Bungwe la Canadian Red Cross limalangiza kuti ayezi akhale wokhuthala masentimita 25 kuti snowmobile idutsepo, ndipo ayezi woyera amakhala ndi theka chabe la mphamvu za ayezi woonekera mkati.

Zikafika poti makina sangayendenso okha, kaya chifukwa coolant watayika yense kapena zizindikiro za gasiketi zaoneka, akokeni. Musanamange chingwe chotsani lamba wa kilachi, kuti lamba wamkulu azizungulira momasuka popanda kukoka injini, ndipo chingwecho mumange pa miyendo ya ma ski monga mmene buku likusonyezera, osati pa chogwirira cha kunsonga kwa ski chimene chimathyoka. Pa makina okokedwawo pakhale munthu wowongolera ndi kugwira buleki. Kumbukirani kuti amene akukokayo tsopano akuyenda pang'onopang'ono ndi katundu wolemera pa njira youma yomwe ija, choncho zokanda ayezi zake zikhale pansi, ndipo muziima pafupipafupi kuti muunjike chipale pa tunnel yake ndi kukankhira china m'malamba a makina onse awiri mpaka mutafika pamsewu pamene ngolo ingakupezeni.